Ndikulemba DOS Yanga, Koma Woweruza Ndi Pulogalamu Yakale

Ana akagona ndimatsegula laputopu n'kuyamba kulemba operating system, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene mapulogalamu ena onse amadalira. Si yaikulu, ndipo sinabadwire kulimbana ndi Windows kapena Linux. Ntchito yake ndi imodzi basi: kuyendetsa mapulogalamu amene analembedwera MS-DOS, operating system yakale ya Microsoft, m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, popanda kuwasintha ngakhale byte imodzi. Ndikatenga fayilo ya pulogalamu (EXE) yakalekale n'kuiika pa disiki, iyenera kudzuka n'kugwira ntchito yake osazindikira kuti pansi pake palibenso Microsoft.

Anzanga kuntchito amandifunsa kuti ndikudzivutitsiranji pamene FreeDOS, DOS ina yolembedwa ndi anthu odzipereka, ilipo kale, yaulere, yoyesedwa ndi anthu ambirimbiri. Akunena zoona, ndipo munthu akabwera kwa ine ndi vuto lenileni ndimamuikira FreeDOS, osati yangayi. Koma pali chinthu chimene ntchito imeneyi yokha imaphunzitsa. Ukamalemba chatsopano, lamulo umaika ndiwe. Ukamalembera mapulogalamu akale, lamulo linaikidwa kale, ndipo silili m'mabuku mokha ayi: lili m'zimene mapulogalamuwo amachitadi, kuphatikizapo zolakwika zawo. Amene anawalemba ena anapuma pantchito, ena anatisiya, makampani ena anatsekedwa. Palibe woti ungamuimbire foni kuti akonze mbali yake. Pulogalamu ikakana kuyenda pa kernel yako, mtima wa operating system, wokonza ndiwe, ngakhale buku litanena kuti walemba molondola. Zili ngati mkamwini amene wafika pamudzi n'kupeza njira ya kuchitsime ikukhota pamalo pomwe iye sakuonapo chifukwa. Sayamba n'kuwongola njirayo. Amayenda mmene eni mudzi amayendera, chifukwa chake amadzachimva pambuyo.

Chiyambi chake chimakoma. Kompyuta ya banja la IBM PC ikayaka, BIOS, kapulogalamu kokhala m'makina momwemo, imawerenga ma byte 512 oyambirira a pa disiki n'kuwaika mu memory pa adiresi 0x7C00 (0x koyambirira kapena h kumapeto zimasonyeza nambala ya hexadecimal, yowerengedwa m'magulu a 16). Ikaona kuti awiri omalizira ndi 55 ndi AA, imalumphira pamenepo, makina onse n'kukhala m'manja mwako. Nthawi imeneyo kulibe fayilo, kulibe foda, zilipo ndi tintchito tochepa ta BIOS towerengera disiki ndi kulemba pa sikirini. M'malo ochepa chomwecho uyenera kupanikizamo khodi yodziwa kuwerenga FAT12 (kasanjidwe ka mafayilo pa disiki), kufufuza dzina la kernel yako, n'kuikweza. Ndimayesera kaye mu QEMU, pulogalamu yotsanzira kompyuta yonse, chifukwa kumeneko makina akauma umangowayatsanso, ndiponso umatha kusuzumira mu register iliyonse, kamalo kosungira nambala m'kati mwa purosesa. Usiku umene chizindikiro cha A:\> chinaoneka pa sikirini yakuda, chochokera m'khodi yanga, tiyi anazizirira m'kapu ndikungochiyang'ana.

Kenako umafika pa INT 21h, interrupt kapena kuti khomo limene mapulogalamu amapempherapo thandizo kwa DOS. Pulogalamu ya DOS ikafuna kanthu, imaika nambala mu register yotchedwa AH n'kuitana interrupt imeneyi. Nambala 3Dh ndi kutsegula fayilo, 3Fh kuwerenga, 40h kulemba, 4Ch kutsanzika. Nambala 09h imalemba mawu pa sikirini mpaka itakumana ndi chizindikiro cha $. Wolemba lero sangasankhe $ kukhala polekezera mawu, chifukwa ndiye kuti mtengo wa chinthu m'madola sungaulembe ndi njira imeneyo. Koma DOS sinasankhe yokha. Inatengera ku CP/M ya Gary Kildall, operating system imene inali paliponse pa makompyuta ang'onoang'ono kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Pamene Tim Paterson ankalemba 86-DOS ku Seattle Computer Products mu 1980, anatsanzira dala mapemphedwe a CP/M kuti mapulogalamu amene analipo kale asamuke mosavuta. Microsoft inagula ntchitoyo mu 1981, ndipo IBM PC inatuluka nayo mu Ogasiti chaka chomwecho. Choncho DOS imene ndikuitsanzirayi nayonso inabadwa potsanzira inzake, pa chifukwa chomwechi. Fayilo ya COM, mtundu wina wa fayilo ya pulogalamu, imaikidwa pa adiresi 0x100 chifukwa CP/M inkatero. Ma byte 256 a patsogolo pakewo amatchedwa PSP, ndipo m'menemo ndi mmene mumachokera mavuto anga ambiri.

Pulogalamu imene inanditsegula maso pa zimenezi ndi ya amalume anga. Ali ndi shopu ya simenti, malata ndi misomali, ndipo kuyambira m'ma 1990 katundu yense ndi ngongole za makasitomala zakhala zikulembedwa m'pulogalamu imene mnyamata wina anawalembera ndi Clipper, chida cholembera mapulogalamu osunga zolembedwa. Mnyamatayo anasamuka kalekale, khodi yoyambirira n'kupita nayo. Chotsala ndi EXE imodzi, mafayilo a DBF osunga zolembedwa, ndi a NTX owasanja. Kompyuta itafa anandiitana.

Hard disk inali yamoyo, moti ndinakopera zonse tsiku lomwelo. Ndiye ndinati, "Amalume, bwanji tingosamutsira zonsezi ku pulogalamu yamakono? Mafayilo a DBF amatseguka bwinobwino, palibe chimene chitayike."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mphwanga, yamakonoyo ikudziwa kuti wakuti amalipira mwezi ukatha, ndipo wakuti sapatsidwa ngongole yopitirira matumba 10? Zonsezo zili m'menemo. Zala zangazi zimapita zokha pa F2 ndi F5 ndikucheza ndi kasitomala. Iwe ungondibwezera chomwechija."

Ankanena zoona. Manambala akanasamuka, koma malamulo a shopu, amene iwo ndi mnyamata uja anagwirizana pakamwa zaka zambiri zapitazo, anali atakwiririka mu EXE, ndipo palibe pepala limene analembedwapo.

Ndinagula kompyuta ya kaunjika yokhala ndi parallel port, n'kuikamo FreeDOS. Pulogalamu inkayamba bwino, koma ukangolowa tsamba la ngongole inkagwa ndi uthenga wakuti DOS Error 4, kutanthauza kuti mafayilo otsegula achuluka. Ndinakweza nambala ya FILES mu FDCONFIG.SYS, n'kuwonjezera mzere wa SET CLIPPER, n'kuyatsanso. Sikirini yabuluu ija inabwera, amalume anakanikiza F5, ndipo Epson LX-300 yawo inayamba kulira ikukoka pepala la mabowo m'mbali. Anang'amba lisiti, kuliwerenga, n'kulipereka kwa kasitomala amene ankadikira. Sanandifunse n'komwe kuti ndaikamo chiyani. Kwa olemba ma operating system a mtundu umenewu, kupambana kumaoneka choncho: mwini pulogalamu asaone kusiyana kulikonse.

Ndinawapempha kuti nditenge EXE yokhayo, popanda mayina a makasitomala, ndiziyesera kernel yanga. Uthenga uja wa DOS Error 4 unandilondolera ku kathebulo kakang'ono ka mu PSP. Pa malo 0x18 pali ma byte 20, byte iliyonse kuimira fayilo imodzi yotsegula, ndipo 5 oyambirira amakhala atatengedwa kale ndi kiyibodi, sikirini, mauthenga a zolakwika, serial port ndi pulinta. Otsala ndi 15, osakwanira pulogalamu imene imatsegula ma DBF ndi ma NTX ambiri nthawi imodzi. Kuyambira DOS 3.3 pali pempho la 67h lokulitsira thebuloli mwaulemu. Koma olemba ena sanadikire zimenezo. Anazindikira kuti pa 0x32 pali kukula kwa thebulo ndipo pa 0x34 pali adiresi yake, ndiye ankangokonza thebulo lawo lalikulu n'kusintha okha manambala awiriwo, osauza DOS. Kwa ine zikutanthauza kuti sindingasunge mndandanda wa mafayilo pamalo anga obisika ndi otetezeka, monga mmene mphunzitsi aliyense wa masiku ano angalangizire. Pulogalamu ikati werenga fayilo nambala 23, kernel iyenera kupita mu PSP ya pulogalamuyo, kutsatira adiresi imene yapeza pamenepo, n'kuikhulupirira. Mtima wa wolemba khodi umakana, koma pulogalamu ndi imene yaweruza.

Njira yanga yofufuzira ndi yosavuta. Pempho lililonse limene lalowa pa INT 21h kernel imalilemba pa serial port, ndipo QEMU imalitulutsa pawindo lina. Umakhala n'kumaona mizere ikutsika: 3Dh, 42h, 3Fh, 3Fh, 42h, mpaka pamene yaima. Mzere womaliza ndiwo umakuuza kokayang'ana. Mmenemo ndi mmene ndinaonera chizolowezi china chimene poyamba chimaoneka chopanda mutu: pulogalamu imalemba mu fayilo, kenako imapempha 45h kuti ipatsidwe nambala yachiwiri ya fayilo yomweyo, nthawi yomweyo n'kutseka yachiwiriyo ndi 3Eh. Chifukwa chake n'chakuti DOS 3.3 isanabweretse pempho la 68h, panalibe njira yachidule youzira DOS kuti zimene ndalembazi zifike pa disiki tsopano lino, ine fayilo ndikadaigwiritsabe ntchito. Kutseka kope kunkakakamiza DOS kutero. Ngati kernel yako ingofufuta nambala yachiwiriyo osalemba kanthu pa disiki, zonse zizioneka bwino mpaka tsiku limene magetsi azime pakati pa malonda, lisiti lomaliza n'kusowa. Kwathu kuno tsiku limenelo silichedwa kufika, choncho mbali imeneyi ndinaisamala kuposa zina.

Nkhani imene imandigwira mtima kuposa zonse ndi ya A20. Purosesa ya 8088 ya mu IBM PC yoyamba inali ndi mawaya 20 a adiresi, A0 mpaka A19, okwanira kuloza megabyte imodzi. Koma adiresi inkawerengedwa ndi manambala awiri, segment kuchulukitsa ka 16 kuphatikiza offset, ndipo masamu amenewo amatha kupitirira megabyte imodzi ndi pafupifupi 64 KB. Popeza panalibe waya wina wonyamula chotsalacho, adiresi yopitirira inkangozungulira n'kubwerera ku ziro. Palibe amene analonjeza kuti zidzakhala choncho mpaka kalekale, koma anthu anayamba kudalira zimenezo. DOS yeniyeniyo inadalira. Mu PSP, pa malo 5, muli kuitana kwa mtundu wa CP/M kumene kumaloza ku F01D:FEF0. Ukawerengera, imeneyo ndi 0x1000C0, kunja kwa megabyte, ndipo imafika pamalo oyenera, 0xC0, pokhapokha ikazungulira. Anachita dala, kuti ma byte omwewo agwire ntchito ziwiri: kukhala adiresi, komanso kuuza pulogalamu kukula kwa malo amene ili nawo, monga CP/M inkachitira.

Ndiye kunabwera 80286, yokhala ndi mawaya 24, kuzungulira kuja n'kutha. A IBM pokonza PC AT ya 1984 anaona kuti mapulogalamu amene anthu anagula kale ndi ndalama zawo asokonekera. Anaika kachipata pa waya wa A20 kuti azitha kuutseka, makina atsopano azichita ngati akale. Posowa pomangirira swichi yake, anapeza mwendo wopanda ntchito pa chip ya 8042, imene ntchito yake yeniyeni ndi kuyang'anira kiyibodi. N'chifukwa chake wolemba kernel ya PC amafunika kudziwa kuti ukafuna memory ya pamwamba pa megabyte imodzi, umatumiza D1h ku port 64h, kudikira kuti chip ya kiyibodi imalize, kenako DFh ku port 60h. Makina a pambuyo pake anawonjezera njira yachidule pa port 92h, koma si onse amene amaimvera. Umayesa iyi, kulemba byte pansi n'kuona ngati yaonekeranso pamwamba, ikakanika n'kuyesa inayo.

Sizinathere pomwepo. Chipata chikatseguka, kachigawo kaja kopitirira megabyte, ma byte 65,520, kamafikirika ngakhale purosesa ikuchitabe ngati 8088. MS-DOS 5 ya 1991 inayamba kudzisamutsira kumeneko ukalemba DOS=HIGH, kuti isiyire mapulogalamu malo ambiri m'kati mwa 640 KB. Zinali zabwino. Koma tsopano mapulogalamu anayamba kuikidwa pansi kwambiri, m'kati mwa 64 KB yoyamba, ndipo ena amene anapanikizidwa ndi EXEPACK ya Microsoft yomweyo ankadalira kuzungulira kuja podzimasula. Anthu ankangoona uthenga wakuti "Packed file is corrupt" pa fayilo yabwinobwino. Mankhwala ake anali lamulo la LOADFIX, limene limangodya dala memory ya pansiyo kuti pulogalamu ikakhale pamwamba pang'ono. Uthenga umenewu ndinauona ndi maso anga pa kernel yanga, pa pulogalamu yolembedwa ine ndisanayambe sukulu, ndipo ndinasangalala kwambiri. Unali umboni wakuti ndatsanzira DOS mpaka kufika podwala matenda ake.

Ambiri amaiseka nkhani ya A20, amati ndi chitsanzo cha uinjiniya woipa. Ine sindiiona choncho. Anthu aja akanatha kuuza makasitomala kuti gulani zatsopano, koma anasankha kusenza okha mtolo wonyansawo kuti chimene munthu anagula dzulo chigwirebe ntchito mawa. Mtima womwewo unaonekanso pa Windows 95, imene inkazindikira masewera a SimCity n'kusintha kagawidwe kake ka memory, chifukwa masewerawo ankawerenga memory imene anali ataibweza kale. Cholakwa chinali cha masewera, koma wogula akanadandaula Windows. Ndimalemekeza kwambiri aliyense amene amalemba khodi yoteroyo, chifukwa palibe amene amamuyamikira, ndipo ikagwira bwino ntchito palibe amene amadziwa kuti ilipo.

Zambiri za mtundu umenewu sizinalembedwe m'mabuku a Microsoft. Amene anatipulumutsa ndi Ralf Brown, yemwe kwa zaka zambiri ankasonkhanitsa mndandanda wa ma interrupt a PC kuchokera kwa anthu ambirimbiri ofufuza paokha. Womaliza kutuluka, nambala 61, ndi wa mu 2000. M'menemo ndi mmene umapeza kuti pempho la 52h, limene silinalengezedwe poyera, limabweza adiresi ya matebulo a m'kati mwa DOS, ndiponso kuti mapulogalamu ambiri amalowa m'matebulomo n'kumawerenga okha. Ndiye kuti kuyankha mapempho molondola sikokwanira. Ngakhale kasanjidwe ka zam'kati mwako kayenera kufanana ndi ka DOS, byte ndi byte.

Microsoft inaika khodi ya MS-DOS 1.25 ndi 2.0 pa GitHub mu 2018, ndi ya 4.00 mu 2024, aliyense n'kuloledwa kuigwiritsa ntchito. Zimathandiza, koma mapulogalamu ambiri amene anthu akusungabe amayembekezera DOS 5 kapena 6.22. Ena amafunsa nambala ya DOS ndi pempho la 30h n'kukana kuyenda akamva yachilendo, moti Microsoft inachita kuika SETVER, chida chouza pulogalamu iliyonse nambala imene ikufuna kumva. Ena safunsa n'komwe, amalemba okha pa sikirini kudzera pa adiresi B800:0000, ndipo ntchito yako ndi kungowapatukira. Palinso ena amene vuto lawo silili kwa DOS, monga olembedwa ndi Turbo Pascal amene amagwa ndi Runtime error 200 purosesa ikathamanga kupitirira pafupifupi 200 MHz, chifukwa kawerengedwe kawo ka nthawi kamasefukira.

Ndikatopa ndimakumbukira amene anayenda njirayi mpaka kukafika. Jim Hall anali wophunzira physics pa University of Wisconsin-River Falls pamene anamva kuti Windows yotsatira ithetsa MS-DOS. Iye DOS ankaikonda, ntchito zake za kusukulu ankazichitira mmenemo, ndiye pa 29 Juni 1994 analengeza kuti anthu agwirane manja alembe yawo yaulere. Inayamba ndi dzina la PD-DOS, kenako FreeDOS. Pat Villani anabweretsa kernel yake ya DOS-C, ndipo Tim Norman anayamba kulemba cholowa m'malo mwa COMMAND.COM, pulogalamu yolandira malamulo amene munthu akulemba. Kuti afike pa 1.0 zinawatengera mpaka 2006, zaka 12, pa operating system imene ambiri amati ndi yosavuta. Villani anamwalira mu 2011, koma kernel imene anaiyamba ndi imene inadzutsa pulogalamu ya amalume. FreeDOS 1.4 inatuluka mu 2025. Makampani ngati HP ndi Dell anagulitsapo makompyuta okhala ndi FreeDOS, ndipo opanga ma motherboard anaigwiritsa ntchito zaka zambiri posintha BIOS.

Ngati DOS imavuta chonchi, taganizirani amene akutsanzira Windows. ReactOS inayamba mu 1996 ndi dzina la FreeWin95, ndipo mu 1998 eni ake anasintha dzina ndi cholinga n'kuyamba kulondola Windows NT. Safuna mapulogalamu okha ayi. Amafuna kuti ngakhale ma driver, timapulogalamu toyendetsa zipangizo, olembedwera Windows azilowa, kutanthauza kuti kernel yawo iyenera kufanana ndi ya NT m'zinthu zimene Microsoft sinafotokoze poyera. Mlingo umene akhala akudziyezera nawo ndi Windows Server 2003. Amagawana khodi yambiri ndi Wine, ntchito imene inayamba mu 1993 ndipo Alexandre Julliard anayamba kuitsogolera mu 1994. Wine imayendetsa mapulogalamu a Windows pamwamba pa Linux, ndipo 1.0 yake inatuluka mu 2008. ReactOS 0.4.15 inatuluka mu 2025, eni ake akunenabe poyera kuti ikadali alpha.

Anthu amaiseka kuti zaka zonsezi sinakhwimebe, ndipo zimandipweteka ndikamamva, chifukwa ambiri osekawo sanayesepo kutsanzira ngakhale pempho limodzi. Ine ndikulimbana ndi mapempho a INT 21h opitirira pang'ono 100. Iwo akulimbana ndi zikwizikwi, lililonse ndi makhalidwe ake obisika, ndipo ambiri mwa iwo amalemba madzulo ataweruka kuntchito zina. Alinso ndi lamulo lina lowamanga manja. Khodi ya Windows inatayikirapo pa intaneti mu 2004 ndi mu 2020, ndipo yankho la funso limene lakusowetsa tulo likhoza kukhala mmenemo. Koma ukangosuzumira, khodi yako yadetsedwa, ndipo thukuta la anzako onse likhoza kuthera pa mlandu. Mu 2006 kunamveka kuti mbali ina ya ReactOS inachokera pomasula mafayilo a Windows, ndipo anachita kuima n'kufufuza khodi yawo. Njira yololedwa ndi yaitali: kulemba kapulogalamu koyesera, kukayendetsa pa Windows yeniyeni, kuona chimene chachitika, kenako kulemba khodi yako kuti ichite chomwecho. Inenso ndimatero, MS-DOS 6.22 pawindo limodzi, kernel yanga pa linalo, kapulogalamu kamodzi n'kumayerekeza mayankho.

A Haiku, amene kuyambira 2001 akhala akudzutsa operating system ya BeOS kampani ya Be, imene inailemba, itagulitsa katundu wake kwa Palm, anachita chinthu chimene chimandigometsa. Mtundu wawo wa 32-bit anausunga kuti uzimangidwabe ndi compiler (chida chosandutsa khodi kukhala pulogalamu) yakale ya GCC 2.95, chifukwa mapulogalamu a BeOS R5 amamvana ndi khodi yomangidwa ndi imeneyo basi.

Wina anganene kuti DOSBox ilipo, 86Box ilipo, mapulogalamu otsanzira kompyuta yakale, ndiye chitsulo chenicheni n'chachiyani. Ndimazigwiritsa ntchito, ndipo pa masewera akale DOSBox ndi yokwanira. Koma pulogalamu imene imalamulira makina kudzera pa serial port, kapena yofuna kachipangizo kachitetezo kobayidwa pa parallel port, kapena yolankhula ndi khadi ya ISA, kawirikawiri imafuna kompyuta yeniyeni ndi operating system yeniyeni. Vuto n'lakuti makompyuta oterowo akusowa. Intel inalengeza kuti pofika 2020 isiya kuthandiza BIOS yakale, ndipo makina ambiri atsopano ali ndi UEFI yokha, imene inalowa m'malo mwa BIOS. DOS iliyonse, ya Microsoft, FreeDOS kapena yanga, imadalira BIOS kuti iwerenge disiki ndi kiyibodi, choncho pa makina oterowo siyaka n'komwe. Mwayi wathu ngwakuti makompyuta ogwiritsidwa kale ntchito ochokera kunja akadapezeka m'mashopu, ndipo ambiri mwa iwo amatha kuyaka mwa njira yakale. N'chifukwa chake ndinagulira amalume yachiwiri, ili m'katoni pamwamba pa kabati.

Pakali pano kernel yanga imayendetsa mafayilo a COM ndi EXE, imawerenga ndi kulemba FAT12 ndi FAT16, ndipo pulogalamu ya kushopu imafika mpaka posindikiza lisiti. Chimene ndikulimbana nacho tsopano ndi ma TSR, mapulogalamu amene amatsanzika koma n'kutsalira mu memory, kudikira kuti ukanikize mabatani ena kuti atulukire pamwamba pa chimene ukuchita, monga SideKick ya Borland inkachitira kuyambira 1984. DOS singaitanidwe kawiri nthawi imodzi. Ukaiitana ili m'kati mwa ntchito ina, imadziphwanyira stack yake, malo amene imasungira pamene yafika ndi ntchitoyo. Choncho TSR imayamba yafunsa ndi pempho la 34h adiresi ya byte imodzi yotchedwa InDOS, n'kumaisuzumira: ikakhala ziro, ndiye kuti ikhoza kulowa. DOS ikakhala kuti ikungodikira kiyibodi, imaitana INT 28h mobwerezabwereza kuti odikirawo apezerepo mpata. Palinso byte ina yosonyeza kuti DOS ili pakati pothana ndi vuto la disiki, ndipo mapulogalamu ambiri safunsa adiresi yake. Amangochotsa 1 pa adiresi ya InDOS, chifukwa kuyambira DOS 3.1 imakhala pomwepo. Ndiye ndikusuntha matebulo anga kuti ma byte awiriwo agundane m'dongosolo limenelo.

Ngati kwanu kapena kuntchito kwanu kuli kompyuta yakale imene ikusungabe pulogalamu ya malipiro, ya katundu wa m'sitolo kapena ya fizi ya ana asukulu, musadikire kuti iwonongeke. Koperani disiki yonse mmene ilili, osati foda ya pulogalamu yokha, chifukwa mu CONFIG.SYS ndi AUTOEXEC.BAT muli timizere timene mudzatifune tsiku lodzutsa pulogalamuyo pa makina ena. Zimene mwakoperazo muzisunge pamalo awiri osiyana.